Mphindi Zisanu ndi Imodzi za Felesiya

Sunthani chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso. Ndipo inu amene mumati mizimu imayenda mumdima wokha, senderani kuno, chifukwa zimene ndikuti ndinenezi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, mabasi akudutsa pamsewu, amayi akuitanira kachewere wawo.

Pa Chimbiya panali bambo wina, a Akimu Dzonzi, wojambula vidiyo. Nthawi imeneyo n'kuti mafoni ojambula kulibe, ndiye munthu akafuna kuti ukwati wake kapena maliro a m'bale wake adzaonekenso, ankagogoda kwa a Dzonzi. Anali ndi kamera yaikulu yonyamula paphewa, madeki awiri oseweretsa matepi ndi kanema mmodzi, zonse m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Chimene analibe ndi kulimba mtima. Munthu akangokweza mawu, iwo ankayamba kuvomera funso lisanathe.

Pa deki iliyonse pamakhala kawindo koyaka manambala obiriwira. Manambalawo ndiwo kaunta, imene imawerenga maola, mphindi ndi masekondi a zimene zili pa tepi. Ukabweza tepi mpaka poyambira, umadina kabatani kena, manambala onse n'kukhala ziro, ndipo kuwerenga kumayambira pamenepo. Pali batani linanso lotchedwa disipule, lotulutsa manambala omwewo pakona ya galasi la kanema. A Dzonzi ankagwira ntchito ndi mabatani awiriwa monga telala ndi tepi yake yoyezera. Asanakopere vidiyo kuchoka pa deki ina kupita pa inzake, ankaonera yonse atagwira kapepala, n'kumalemba: kuyambira apa mpaka apa kamera inaloza pansi, tidule, apa panadutsa woledzera, tidule. Mwini vidiyo ankalandira chinthu chosalala, osadziwa n'komwe kuti padutsa mpeni.

Tsono mwini chigayo uja, a Zefaniya Kanyoza, anamwalira. Mwana wawo wamkulu, Loti, anali ku Joni ndipo sakanatha kubwera, choncho abale anaitana a Dzonzi kuti ajambule maliro, tepiyo akamutumizire.

Mwambo uli mkati, mng'ono wa malemu, a Yotamu, anaimirira kufotokoza m'mene zovutazo zayendera. Atafika powerenga ana amene malemu asiya, anati ndi anayi. Pamenepo mlongo wa malemu, mayi wokalamba wokwatiwa kutsidya ku Mozambique, anadzuka pakati pa amayi anzake, chinthu chimene sichichitika wambawamba. Anagwira dzanja kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, Felesiya, mwana wa Jenala wogulitsa kachewere pamsewu, n'kukaimika kumutu kwa bokosi. Mawu ake sananjenjemere. Anati mlongo wakeyo ali pa mphasa yomaliza anamuuza kuti ana ake ndi asanu, wachisanu ndi uyu. Kuti chiwongo cha malemu ndi Nkhoma, ndiye mwanayu azitchedwa Nankhoma. Ndipo kuti Loti auzidwe kuti ali ndi mlongo wina.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mwana amatenga chiwongo cha bambo ake. Felesiya anali atakula zaka zonsezo popanda womuitana ndi chiwongo chilichonse. Tsiku limenelo anachilandira pamaso pa anthu, ndipo kamera ya a Dzonzi inaona zonse.

Kutacha, a Yotamu anafika m'kachipinda muja. Sanakhale pansi. Anati mlongo wawo wakalamba, mutu wake sukuyenda bwino, ndipo Loti ali kutali, sayenera kulandira zomusokoneza. Kenaka anayang'ana denga, anayang'ana makoma, n'kunena mwakachetechete kuti kachipinda aka malemu anakamanga bwino ndithu, ndipo tsopano woyang'anira ndi iwo.

A Dzonzi anamva. Anadina disipule, n'kulemba pa kapepala kawo: mayi uja anadzuka pa 0:52:08, anakhala pansi pa 0:58:20. Mphindi zisanu ndi imodzi ndi masekondi khumi ndi awiri. Pokopera anaimitsa deki yolandira pa nambala yoyamba, n'kudzaiyendetsanso pa yachiwiri. Pa tepi yopita ku Joni, a Yotamu ankati ana ndi anayi, pomwepo kwaya n'kuyamba nyimbo. Zinalumikizana bwino mochititsa manyazi.

Matepi nthawi imeneyo anali osowa, ndipo a Dzonzi anali ndi chizolowezi chojambulanso pa tepi yoyambirira akangomaliza kukopera. Lamulungu lomwelo anaitenga tepi ya maliro ija n'kukajambulirapo chikondwerero cha kwaya ya amayi. Mawu a mlongo wa malemu anafufutika pansi pa nyimbo, ndipo mwini mawuwo n'kuti atawoloka kale malire kubwerera kwawo. Yatsala inali tepi yodulidwa ija basi, ili pa shelefu kudikira dalaivala wopita ku Joni, amene ankadutsa Loweruka.

Lolemba m'mawa a Dzonzi anatsegula chitseko n'kupeza tepiyo ili m'deki. Anadziseka okha, nati ukalamba wayamba. Poti inali m'katimo kale, anati aiyese komaliza. Anaibweza mpaka poyambira, anadina kabatani ka ziro, n'kutembenuka kuti atenge chikwama chake. Kumbuyo kwawo deki inalira yokha, kulira kwa tepi imene ikubwerera.

Tepi ikafika poyambira ilibenso kobwerera, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Koma iyi inabwerera. Itaima, pa kawindo panali kamzere kutsogolo kwa manambala, konga kochotsera m'masamu a kusukulu, ndipo manambalawo ankati 0:06:12.

A Dzonzi anasendera pafupi kuti aonetsetse. Kenaka anati chinyezi chalowa m'makina. Anadina ziro, manambala anafufutika, koma asanachotse chala anabwereranso ndi kamzere kawo. Anaika tepi mu deki inayo, zomwezo. Anazula chingwe pakhoma, kawindo kanazima, ndipo mtima wawo unakhalako pansi. Atabwezera chingwe, manambala anayaka ngati munthu amene amangodikira panja.

Lachiwiri anapezanso tepi m'deki, chonsecho dzulo lake anali ataitsekera m'dirowa. Kaunta inkati 0:05:20, kamzere kali pompo. Pa batani la disipule panali chidindo cha chala, choyera ndi ufa. Chigayo chinali chisanalire kuyambira tsiku la maliro.

Masana akazi awo, Nangozo, anabwera ndi chakudya. Akuyala mbale anafunsa ngati mlendo uja wathandizidwa. A Dzonzi anati mlendo uti. Nangozo anati bambo amene anali ataima pakhomo, wovala jekete lakuda. Iye anawapatsa moni atanyonyomala, maso pansi monga mwa ulemu, koma bambowo sanayankhe moni, anangofunsa kuti zatsala zingati. Nkhope sanaione. Chimene anaona ndi mapazi: masokosi atsopano, opanda nsapato, ndipo ngakhale pabwalo ponse panali fumbi, masokosiwo anali oyera mbee.

A Dzonzi anatuluka. Pabwalo panali nkhuku ziwiri ndi njinga ya munthu wina. Chakudya chija sanachidye.

Lachitatu, manambala ali pa 0:04:03, anachita chimene ankachiopa. Anatseka chitseko masana, anayatsa kanema, n'kudina batani loyendetsa tepi pamalo a kamzere paja. Galasi linada bii, kungotsala manambala pakona, ndipo manambalawo sankasuntha. Koma mawu analipo. Poyamba ankamveka ngati mphepo yolowa pa kabowo. Atamvetsetsa anazindikira kuti ndi kupuma kwa munthu, munthu wamkulu wotopa, amene waima pafupi kwambiri ndi kamera koma sakulankhula. Kumbuyo kwa mpweyawo kunkamveka timapazi, tikuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso. M'chipindamo munayamba kununkha dothi lonyowa, longokumbidwa kumene. A Dzonzi anazimitsa kanema, ndipo kwa kanthawi kupuma kuja kunapitirira.

Madzulo a tsikulo Nangozo anabwera ndi nkhani ya kumsika. Anati Jenala sanayale kachewere kuyambira dzulo, chifukwa Felesiya sali bwino. Thupi silikutentha, sakusanza, akungogona. Kuchipatala amuyeza zonse, sanapeze kanthu. Koma zodabwitsa zinayamba asanagone n'komwe. Lolemba aphunzitsi poitana maina analumpha lake, atawakumbutsa anayang'ana m'buku n'kumadabwa okha. Anzake pogawana magulu a phada ankamudutsa ngati palibepo. Amayi ake enieniwo anapakula mbale imodzi m'malo mwa ziwiri, n'kudzalira atazindikira. Tsopano ukamuitana dzina satembenuka, amati sakuitana iye. Ndipo akadzidzimuka amanena kuti pakhomo pali bambo amene akumuuza kuti ngati kuno amukana, apite naye kwawo.

A Dzonzi anaulula zonse usiku usanagwe: za a Yotamu, za kapepala, za kamzere. Nangozo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Abambo, mwadula mwana wa eni," anatero. "Mumubwezere."

Iwo anati abweza bwanji, poti tepi yoyambirira ili ndi kwaya ndipo mayi uja ali kutsidya, kumudzi kumene iwo sakudziwa n'komwe njira yake. Nangozo anati makutu anu analipo, maso anu analipo, kamera muli nayo. Khalani kutsogolo kwake munene zimene munamva. A Dzonzi anayankha kuti iwo ndi wojambula chabe, nkhani za banja la eni sizawo. Ndinene poyera, yankho limeneli limandinyansa mpaka lero. Podula sanati ndi za banja la eni.

Lachinayi, pa 0:02:50, anapita kwa a Yotamu. Njira yonse ankakonza mawu, koma atafika anangoti makina akuvuta pang'ono, mwina tepi ichedwa. A Yotamu anati isachedwe, n'kuwaperekeza mpaka pa mpanda. Pobwerera, a Dzonzi anaona munthu wa jekete lakuda ataima patali pansi pa bulugama, atafulatira msewu. Anthu ankamulambalala osamuyang'ana, koma galu wina atafika pafupi anapinda mchira n'kuwoloka msewu. A Dzonzi anazungulira njira ya kuseri kwa msika.

Lachisanu anamata kapepala pa kawindo ka deki kuti asaone manambala, monga mwana wobisa nkhope poganiza kuti wabisala. Kanema anayaka yekha, manambala ali pakona: 0:01:35. Nangozo anapita kukazonda wodwala, ndipo anabwera maso ali ofiira. Anati mwanayo wasiya kumeza phala. Akuluakulu amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma pa Chimbiya zinatembenuka: anadya ndi akulu, wopotedwa n'kukhala mwana. A Dzonzi anati aganiza bwino, mawa aona chochita. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Loweruka linafika. Kaunta inkati 0:00:41.

Cha m'ma teni koloko, dalaivala wa ku Joni asanafike, pakhomo panamveka odi wa mawu otsika. Anali Jenala, atabereka Felesiya kumsana ngati khanda, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa amayi ake. Nangozo anali pambuyo pawo. Jenala sankadziwa chilichonse cha tepi. Anati m'bandakucha mwanayo anatsegula maso n'kunena kuti amunyamule apite naye kuseri kwa chigayo, kumene anamusiya.

"Ine sindikumvetsa, bambo," anatero Jenala. "Koma ngati pali chake chimene chinatsala muno, ndithandizeni. Ndi mmodzi yemweyu."

Pamenepo mantha amene a Dzonzi anali nawo pa a Yotamu anachepa, chifukwa panabwera mantha aakulu kuposa amenewo. A Dzonzi anayala mphasa, Jenala anakhala pansi atafukata mwanayo. A Dzonzi anaimika kamera pa miyendo yake itatu, anailumikiza ku deki ndi chingwe. Tepi ija inali yothyoledwa kale kadzino koletsa kujambulapo, ndiye anamata selotepi pa kabowoko. Anaiika m'deki, inabwerera yokha mpaka pa kamzere. Anadina disipule kuti manambala aoneke pagalasi, n'kuuza Nangozo batani lofiira loti adine. Iwo anavala jekete, anakhala pampando pambali pa mphasa, kanema ali kumbuyo kwawo.

Apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene panagona tsoka. Sabata yonseyo manambala ankatsika pang'onopang'ono, pafupifupi mphindi imodzi pa tsiku, ndiye m'mutu mwa a Dzonzi masekondi makumi anayi ndi imodzi aja anali ngati theka la tsiku. Sanaganize kuti tepi ikayamba kujambula, sekondi imakhala sekondi. Munthu amene moyo wake wonse ankawerenga manambala amenewa anaiwala chinthu choyamba chimene anaphunzira.

Nangozo anadina. Kanyali kofiira kanayaka. A Dzonzi anakonza kukhosi, anapinda manja, n'kuyamba monga amayambira munthu aliyense woleredwa bwino akaima pamaso pa anthu.

"Zikomo a Loti Kanyoza kumene muliko. Zikomo akuluakulu onse a kubanja, amayi ndi abambo, zikomo kwambiri. Ine ndine Akimu Dzonzi, wa konkuno ku Chimbiya. Poyamba ndipepese chifukwa cha zovuta zimene zinatigwera. Kachiwiri ndipepese kuti ine ndine munthu wapadera, sindiyenera kulowerera za m'banja mwanu, koma..."

Ndani wa ife akanayamba mwina? Tinaphunzitsidwa kuti nkhani yaikulu siigwera munthu ngati mwala, umayamba walambula bwalo. Koma Nangozo, amene ankayang'ana galasi, anaona manambala akuthamanga: khumi ndi zisanu, khumi ndi zinayi. Anakupiza dzanja. A Dzonzi anaganiza kuti akuwauza kuti akweze mawu, ndipo anabwereza chiganizo chomwe chija mokweza.

"Tchulani dzina, abambo!"

A Dzonzi anatembenuka kuyang'ana kanema. Zisanu. Kutembenukako kunadya ziwiri. Anabwerera ku kamera.

"Mwana mukumuona apayu ndi..."

Deki inalira kamodzi n'kuima. Kanyali kofiira kanazima. Tepi inatuluka yokha pang'onopang'ono, ndipo pa kawindo panali maziro okhaokha, opanda kamzere.

A Dzonzi anakuwa kuti ndi Nankhoma, ndi mwana wa a Zefaniya Kanyoza, wachisanu, ndinamva ndi makutu anga. Anakankhira tepi m'kati, anadina batani lofiira, anadinanso, koma deki inkangoilavula. Ankakuwirabe makina pamene Nangozo anawagwira paphewa.

M'chipindamo munali zii. Fungo la dothi lija linali litachoka. Panja, pafupi ndi khomo, panamveka mapazi akuchoka, ofewa, osafulumira, ndipo pambali pake timapazi tina tikuyesetsa kuti tisatsalire. Palibe amene anapita kukasuzumira.

Jenala anali ataika tsaya lake pamphumi pa mwanayo. Kenaka anamuphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Siyani, bambo," anatero. "Amutenga eni ake."

Dalaivala anafika masana, ndipo a Yotamu anabwera okha kudzatenga tepi n'kumupatsira. Akuti Loti ataionera ku Joni anadabwa kuona bambo wa jekete akupereka moni ndi kupepesa, pambali pake pali mayi wofukata mwana, kenaka mwadzidzidzi maliro n'kuyamba. Anafunsa m'kalata kuti anthuwo ndi ndani. Anamuyankha kuti wojambula anasokoneza matepi.

Pa maliro a Felesiya palibe anaitana a Dzonzi, koma anapita, opanda kamera. Wofotokoza zovuta atangoti mwanayu anali wa mayi Jenala, iwo anadzuka pakati pa anthu, osapempha mpata, osati zikomo kwa aliyense, n'kunena zonse zimene mlongo wa malemu ananena, liwu ndi liwu. Anthu anamva. A Yotamu anawatulutsa m'kachipinda muja sabata yomweyo, ndipo makina aja anathera m'katoni pansi pa bedi. Sanajambulenso.

A Dzonzi alipo mpaka lero, akalamba, amakhala pakhonde la nyumba yawo kumtunda kwa msika. Ana amawaseka, ndipo alendo amati ndi munthu wopanda mwambo, chifukwa ukawapatsa moni sayankha moni. Amayamba akuyang'ana m'maso mwako n'kunena mofulumira, ngati wina akuwathamangitsa, kuti Felesiya anali Nankhoma, mwana wachisanu wa a Zefaniya Kanyoza. Akatero amapuma, mapewa n'kutsika, kenaka n'kukufunsa kuti kaya mwadzuka bwanji.

Mukadzakumana nawo musadzaseke. Mudzangoti mwamva.